Ndinabwerera nsonga ya Margherita ndikuiona: kodi ndinalakwa?

Yamikani

Moni nonse. Chibwerereni ku Rwenzori, mapiri a m'malire a Uganda ndi Congo, ndangokhala duu, ndipo ena mwakhala mukundifunsa kumbali kuti zithunzi za pansonga zili kuti. Zithunzi zimenezo palibe, abale anga. Pa Margherita, nsonga yaitali kuposa zonse za kumeneko, sindinafike. Ndati ndifotokoze pano kamodzi n'kamodzi kuti mundiuze zoona, chifukwa nkhaniyi ikundidya mumtima.

Tinapita awiri, ine ndi alamu anga a Limbani, alongo awo a mayi a kunyumba. Tinali ndi anyamata awiri otilondolera njira komanso anthu ena onyamula katundu. Tinalowera ku Kilembe, mbali ya Uganda. Amene simunafikeko, phiri limene lija ndi la mvula ndi matope. Masiku oyambirira umayenda utavala magambutsi, kudumpha kuchoka pa chiputu cha udzu kukaponda china pakati pa chithaphwi, ukaphonya pang'ono walowa mpaka m'mawondo. Walira mvula walira matope, sitinadandaule. Kukongola kwake n'kosasimbika: mitengo yokutidwa ndi ndere, zomera zazitali kuposa munthu zoti sunazionepo kwina, tinyanja takuda bii m'zigwa. Masiku asanu onsewo tinakumana ndi gulu limodzi lokha, likutsika.

Madzulo a tsiku lachisanu tinafika pa msasa womaliza, cha pa mamita 4,500. Tinadzuka 2 koloko usiku n'kuyamba kukwera ndi matochi a pachipumi. Ayezi woyamba tinamudutsa bwinobwino titamangirirana chingwe, ma crampons, zitsulo za mano zopondera pa ayezi, kuphazi. Kutacha tinafika pamiyala imene ili pakati pa ayezi woyamba ndi wachiwiri, ndipo mpamene ndinaona kuti alamu sali bwino. Kachitsulo kokolera chingwe, kamene akhala akukatsegula ndi dzanja limodzi zaka zonsezi, kanawakanika. Ndinawafunsa ngati akufuna madzi, iwo n'kundiyankha za galimoto yawo. Wamkulu wa anyamata aja anawauza kuti ayende mapazi asanu molunjika, chidendene kugunda chala. Anadzandira ngati aledzera. Pomwepo mnyamatayo anati bambowa atsike, osati kenakake koma tsopano lino.

Atatero anatembenukira kwa ine. Anati iyeyo atsika ndi alamu, mnzakeyo akhoza kupitiriza ndi ine. Nthawi inali cha m'ma 7, pomwe tinapangana kuti nthawi yobwererera ndi 10 koloko. Kumwamba kunali koyera, ine mphamvu zanga zonse ndinali nazo. Nsonga ya Margherita, mamita 5,109, inkaoneka apo. Ndinaima mwina mphindi imodzi, kenako ndinati tonse titsike.

Alamu anachira. Tinawatsitsa tsiku lomwelo mpaka msasa wa m'munsi, ndipo m'mawa mwake ankalankhula zanzeru. Koma ine ndalama za ulendowu ndinasunga zaka ziwiri, ndipo sindikudziwa ngati ndidzapitenso. Ndiye ndikufunsa: ndinachita bwino, kapena ndinangotaya mwayi pachabe pamene panali anthu odziwa ntchito oti akanawasamala?

Dalitso

Achimwene, pepani ndi zimene zinachitikazo, ndipo tithokoze kuti alamu ali moyo. Koma poti mwati tinene zoona, ine ndikanapitiriza. Amene anakupatsani mwayiwo ndi wolondolera njira, ndipo iye phirilo amalidziwa kuposa tonsefe. Akanaona kuti pakufunika manja ambiri akanakuuzani. Inu si dokotala, simukanawonjezerapo kanthu. Maola ochepa okha mukanakhala mutafika, n'kutsika kudzawapeza pa msasa. Komanso ayezi wa pa Rwenzori akutha chaka ndi chaka. Mukadzapeza ndalama zina mwina mudzapeza miyala yokhayokha.

Thokozani

Pepani akuluakulu, ine ndine mlendo pa gulu lino ndipo sindinakwerepo phiri lalitali kwenikweni. Chikundidabwitsa n'chakuti munthu amene wakhala akukwera mapiri zaka zambiri angosokonezeka mutu mwadzidzidzi chonchi. Ndi kutopa, kuzizidwa, kapena ndi matenda enieni? Ndikufunsa chifukwa ndikukonzekera ulendo wa ku Kilimanjaro, ndipo nkhaniyi yandichititsa mantha.

Mayi a Tadala

Achemwali a Thoko, mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Ndiyankha monga namwino.

Ndi matenda enieni, ndipo gwero lake ndi mpweya. Gawo la okosijeni mumpweya silisintha, ndi 21 pa 100 paliponse, kaya m'chigwa kaya pansonga. Chimene chimasintha n'chakuti ukamakwera mpweya umapepuka, ndiye kupuma kumodzi kumakulowetsera okosijeni wochepa. Cha pa mamita 5,500 umapeza pafupifupi theka la amene ukanapeza m'mbali mwa nyanja yamchere. Pansonga pa Everest ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Thupi limatha kuzolowera: umayamba kupuma mofulumira, umakodza pafupipafupi, ndipo pakapita nthawi magazi amachulukitsa maselo ofiira. Koma zimenezi zimafuna masiku.

Ukalithamangitsa thupi, zimayamba ndi mutu, nseru, kusafuna chakudya, kusowa tulo, ngati munthu wa matsire. Zikhoza kuyamba ukangopitirira mamita 2,500, ndipo pazokha sizipha. Ukapuma pamalo omwewo tsiku limodzi kapena awiri nthawi zambiri zimatha. Ukaumirira kukwera ndiye pamabwera zoopsa ziwiri. China madzi amadzaza m'mapapo: munthu amabanika ngakhale atangokhala pansi, amatsokomola, nthawi zina makhololo a thovu ofiirira. Chinacho ubongo umatupa, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi chimene a Yamikani afotokozachi, kudzandira ndi kulankhula zosagwirizana. Mnyamata uja powayendetsa chidendene kugunda chala ankayeza chimenechi, ndipo anaphunzitsidwa bwino ameneyo. Munthu wotere akapanda kutsitsidwa amakomoka, ndipo akhoza kumwalira pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala otchedwa dexamethasone ndi okosijeni wa m'botolo zimangomuthandiza kupirira kufikira atatsika. Mankhwala ake enieni ndi kutsikako, mamita 300 mpaka 1,000, kapena kufikira zizindikiro zitatha.

Chinanso, mphamvu sizitchinjiriza munthu. Othamanga mipikisano amadwala chimodzimodzi ndi ena onse, mwinanso msanga, poti amakwera mothamanga.

Dalitso mwana wanga, ukuti a Yamikani si dokotala. N'zoona. Koma pamalo paja sipankafunika dokotala, pankafunika mikono. Munthu wodzandira pa thanthwe loterera ndi ayezi satsitsidwa ndi munthu mmodzi.

A Yamikani, ndikufunseni chinthu chimodzi: alamu anuwo mutu unayamba kuwapweteka liti?

Yamikani

Amayi, mwakhudza pamene pali chilonda. Unayamba tsiku lachitatu, titagona cha pa mamita 4,100. Anandiuza ine ndekha usiku, n'kundipempha kuti ndisawauze anyamata aja kuopa kuti angatibweze. Ndinawapatsa mapiritsi a mutu. Tsiku lachinayi tinagona motsikirapo pang'ono ndipo anati wasiya. Pa msasa womaliza chakudya chamadzulo sanachikhudze, anati alibe njala, ndipo pakati pa usiku ndinawamva akusanza panja. Pamene tinkamanga nsapato, wolondolera anafunsa aliyense payekha ngati ali bwino. Alamu anati ali bwino, n'kundiyang'ana. Ine ndinakhala chete. Zimenezi sindinauzepo munthu kufikira lero.

Mayi a Tadala

Zikomo ponena zoona, si zapafupi. Ndiye yankho langa ndi ili: pamiyala paja simunalakwe. Panalakwika ndi pa msasa, 2 koloko usiku. Munthu amene wasanza, mutu ukumupweteka, ali pa mamita 4,500, sakwera ngakhale phazi limodzi. Mukananena, mwina mukanapuma tsiku limodzi, kapena alamu akanatsika kutacha ndi onyamula katundu akadali ndi nzeru zawo ndi miyendo yawo, inu n'kupita pansonga mtima uli m'malo. Sindikukuweruzani ayi. Ambirife pano tinabisapo kupweteka kwa mutu pa phiri, ine ndemwe.

Bambo Mbewe

Ndawerenga zonse mofatsa. Ine ndili ndi zaka 67, ndipo mapiri amene ndinabwerera panjira ndi ochuluka kuposa amene ndinafika pansonga. Lolani ndikambe za limodzi.

Aconcagua, ku Argentina, mamita 6,961, lalitali kuposa mapiri onse a kunja kwa Asia. Njira yake yodziwika sifuna luso la zingwe, mumangoyenda, ndipo n'chifukwa chake imanyenga anthu. Tinatha pafupifupi milungu iwiri tikukweza katundu pang'onopang'ono kuchokera ku msasa wa Plaza de Mulas, kukwera masana n'kutsika kukagona m'munsi. Tsiku la nsonga tinafika mu Canaleta, khwalala lotsetsereka la miyala yogumuka limene lili kumapeto kwenikweni. Mmenemo umaponda kamodzi n'kupuma kasanu, mwala n'kukubweza theka la phazi limene wapondalo. Tinali titapangana mu tenti kuti 3 koloko masana ikakwana tibwerera, kaya tili pati. Inakwana tili pakati pa Canaleta, pamwamba pa nsonga patakhala mtambo wosalala ngati mbale yovundikira, umene anthu a kumeneko amaudziwa kuti umabwera ndi chimphepo. Mnzanga anagwetsa misozi. Tinabwerera. Chimphepocho chinatipeza tikutsika, ndipo ola lomaliza tinkayenda osaona ngakhale mapazi athu. Tikanawonjezera maola awiri opita pansonga, mdima ndi mphepo zikanatipeza pamwamba, tilibe mphamvu.

Achinyamata sachiona msanga chinthu ichi: ukafika pansonga wayenda theka lokha la njira, ndipo theka lotsalalo umaliyenda utatopa, dzuwa likupendeka. Pa Everest pa 10 ndi 11 May 1996 panafa anthu asanu ndi atatu, ndipo ambiri a tsiku limenelo anafika pansonga nthawi yobwererera, 2 koloko masana, itadutsa kale. Pa K2, phiri lachiwiri kutalika padziko lonse, mu August 2008 panafa anthu 11, ambiri a iwo potsika, atafika pansonga mochedwa, ayezi atagumuka n'kudula zingwe pa malo otchedwa Bottleneck. Koma chaka chomwecho cha 1996 kunali mnyamata wa ku Sweden, Göran Kropp, amene anapalasa njinga kuchokera kwawo mpaka ku Nepal. Kutatsala sabata imodzi kuti tsoka la pa Everest lija lichitike, iye anafika pafupifupi mamita 100 pansi pa nsonga ya phirilo, anaona kuti nthawi yatha, n'kubwerera. Taganizani, munthu wapalasa njinga miyezi yonseyo. Anakapuma m'munsi, ndipo pa 23 May anafika pansonga wopanda okosijeni wa m'botolo.

A Yamikani, kupweteka mtima kumene muli nakoko ndimakudziwa. Kwa ine kunatenga chaka. Musachite nako manyazi.

Dalitso

Abambo, ndikulemekeza zimene mwaona, ndipo za pa msasa zija ndavomera, amayi anena zoona. Koma pali chimene chikundivutabe. Anthu otchukawa akabwerera amakhala ndi makampani owalipirira, chaka chamawa abweranso. Munthu wamba ngati achimwene a Yamikani mwayi ali nawo umodzi, mwina moyo wawo wonse. Komanso nkhani zanu ndi za nthawi kutha ndi nyengo kuipa. Apa nthawi inalipo, kumwamba kunali koyera, munthuyo anali wamphamvu. Kodi tizingobwerera tonse nthawi iliyonse wina akadwala, ngakhale pali omusamala? Zikanakhala choncho magulu a anthu khumi aja sakanafika pansonga ngakhale kamodzi.

Chifundo

Dalitso ali ndi mfundo, tisamutsekereze pakamwa. Pa gulu lalikulu lokhala ndi olondolera ambiri, wodwala amatsika ndi anthu awiri kapena atatu, ena n'kupitiriza, ndipo palibe cholakwika. Za ayezi akunenanso zoona. Pamene Duke of the Abruzzi, kalonga wa ku Italy, ankakwera nsonga imeneyi koyamba mu 1906, n'kuitcha dzina la mfumukazi Margherita ya ku Italy, ayezi anali pa mapiri angapo a Rwenzori. Lero wambiri anasungunuka, ndipo wotsalayo ali makamaka pa Mount Stanley pamene pali Margherita.

Koma ine ndikufuna ndikhudze mawu akuti "sindinafike" amene akuwawawa a Yamikani. Mu 1955 Joe Brown ndi George Band anakhala oyamba kukwera Kangchenjunga, phiri lachitatu kutalika padziko lonse, mamita 8,586. Anaima mapazi owerengeka pansi pa nsonga, osaiponda, chifukwa gulu lawo linalonjeza mfumu ya ku Sikkim, dera la m'munsi mwa phirilo, kuti pamwamba penipeni, pamene anthu a kumeneko amapayesa popatulika, sadzapondapo. Ku Nepal kuli Machapuchare, limene mu 1957 anthu awiri a ku Britain anabwerera atayandikira nsonga, ndipo mpaka lero kukwera phirilo n'koletsedwa. Ku Bhutan kuli Gangkhar Puensum, mamita 7,570, lalitali kuposa mapiri onse amene sanakweredwepo, ndipo dzikolo linaletsa kukwera mapiri opitirira mamita 6,000 mu 1994. Ndikudziwa kuti zifukwa zake n'zosiyana ndi za a Yamikani. Ndikungoti anthu amene amakhala m'munsi mwa mapiri amenewa saona kuponda nsonga ngati chinthu chachikulu kuposa zonse.

Za mwayi umodzi zija: Saray Khumalo, mayi wobadwira ku Zambia wokhala ku South Africa, anafika pansonga pa Everest pa 16 May 2019, kukhala mayi wakuda woyamba wa mu Africa kutero. Unali ulendo wake wachinayi. Mu 2014 ulendo unathera panjira ayezi atagumuka n'kupha anthu 16 a ku Nepal ogwira ntchito m'phirimo, mu 2015 kunachita chivomezi, mu 2017 anabwerera ali pafupi ndi nsonga. Sikuti aliyense angakwanitse maulendo anayi, ayi. Koma tsiku limene ankabwerera mu 2017 panalibe amene akanamutsimikizira kuti adzabweranso.

Mphatso

Ine ndinagwirapo ntchito yolondolera alendo m'mapiri zaka zisanu ndi zitatu, ndiye ndiloleni ndilankhule m'malo mwa mnyamata uja.

Dalitso mphwanga, ukuti akanafuna manja ambiri akananena. Si mmene zimakhalira. Ife timadziwa kuti mlendo walipira zambiri ndipo chimene wadzera ndi nsonga. Akapanda kufika amakadandaula ku ofesi, amalemba zoipa pa intaneti, ndipo kangachepe kothokoza ka kumapeto kwa ulendo kamachepa, kamene timagawana ndi onyamula katundu omwe asenza zikwama zolemera masiku onsewo. Ndiye wolondolera akaona kuti mmodzi wadwala, mnzake ali bwino, pakamwa pamatuluka mawu akuti mukhoza kupitiriza, koma mumtima akupemphera kuti mukane. Ine mawu amenewo ndinawanenapo. Tsiku lina mlendo anavomera, ndipo ndinatsala ndekha ndi bambo wolemera kundiposa amene miyendo inkakana, chifunga chitatseka. Njira ya maola atatu tinaiyenda maola asanu ndi awiri. Ndikanaterereka ineyo tonse awiri tikanathera pomwepo, poti panalibe wachitatu wokaitana thandizo.

Ganizirani ndi amene akupita pamwambawo. Pa ayezi wokhala ndi ming'alu, anthu awiri pa chingwe chimodzi ndi ochepa: mmodzi akagwera mumng'alu, winayo amugwire yekha, amutulutsenso yekha. Anthu anayi mukagawikana mwapanga timagulu tiwiri tofooka. Ndipo phiri lakutali ngati Rwenzori si loti uimba foni galimoto ya odwala n'kubwera. Ngakhale utanyamula kachipangizo kotumizira uthenga kudzera pa setilaiti, helikopita siuluka m'chifunga. Wodwala amanyamulidwa pa machira ndi anthu, kudutsa m'matope omwe aja, masiku angapo. Amati kuyenda awiri si mantha, koma kuli malo kumene awiri sakwanira.

Pempho langa kwa aliyense wowerenga: wolondolera akakufunsani ngati muli bwino, sakufuna kukubwezani. Akufuna adziwe kuti akonze tsikulo motani. Mukamuuza mutu ukangoyamba, akhoza kusintha zambiri. Mukamubisira amadzadziwa muli pa thanthwe.

Thokozani

Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri lero. Ine andipatsa njira ziwiri za Kilimanjaro, Marangu masiku asanu kapena Lemosho masiku asanu ndi atatu. Ndinasankha ya masiku asanu poti tchuthi changa n'chachifupi. Ndisinthe? Nanga Diamox amene anthu amamutchulayu ndimwe?

Bambo Mbewe

Mwana wanga, sintha lero lomwe. Uhuru Peak, nsonga ya Kilimanjaro, ili pa mamita 5,895, pamwamba kuposa Margherita, ndipo pa masiku asanu thupi silipeza mpata. Malangizo amene madokotala a za m'mapiri amapereka ndi akuti ukapitirira mamita 3,000, malo ogona asakwere kupitirira mamita 500 pa tsiku, ndipo masiku atatu kapena anayi alionse upumepo tsiku limodzi. Chofunika ndi pamene wagona, osati pamene wafika masana. N'chifukwa chake njira ya Lemosho ili ndi tsiku lokwera ku Lava Tower, cha pa mamita 4,600, kenako n'kutsika kukagona ku Barranco, pansi pa mamita 4,000. Tsiku limenelo limatopetsa, umadzifunsa kuti ndakwereranji n'kutsikanso, koma ndi limene limakukonzera nsonga.

Usaiwale kuzizira. Mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka, ndiye usiku wopita pansonga madzi amaundana m'botolo. Uliike m'kati mwa jekete. Magalasi a dzuwa usawasiye, kuwala kwa pamwamba paja kumawotcha maso, makamaka pali chipale chofewa. Ndipo uziyenda pang'onopang'ono kuyambira tsiku loyamba, ngakhale ukumva kuti ukhoza kuthamanga.

Mayi a Tadala

Diamox, dzina lake lenileni acetazolamide, amathandizadi. Amachititsa impso kutaya mchere wina wa m'magazi wotchedwa bicarbonate, magazi n'kusintha pang'ono, ndipo thupi limayamba kupuma mozama, makamaka usiku. Amayambidwa tsiku limodzi musanayambe kukwera. Amakodzetsa, amachititsa dzanzi m'zala, ndipo zakumwa za gasi zimamveka zosakoma. Kaonaneni ndi dokotala kaye, makamaka ngati munadanapo ndi mankhwala a sulfa kapena muli oyembekezera. Koma salowa m'malo mwa masiku atatu owonjezerawo.

Limbani

Moni nonse. Ndine Limbani amene mukumukambayo. Alamu ananditumizira nkhaniyi dzulo, ndipo ndapempha kuti andilowetse pa gulu.

Choyamba, za pa msasa zija mlandu ndi wanga. Ndine wamkulu kwa iwo ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndine amene ndinawaphunzitsa kumanga mfundo yoyamba ya chingwe, ndipo ndine ndinawapempha kuti akhale chete. Akanandikanira bwanji? Ndinawaika pamalo ovuta.

Chachiwiri, pali zimene sanalembe pondisungira ulemu, ndiye ndizinena ndekha. Za tsiku lija ndimakumbukira zochepa kwambiri, zambiri anandiuza ndi anyamata aja titafika m'munsi. Akuti titayamba kutsika ndinakana kuti munthu andigwire. Anyamatawo ndinkawaona ngati anthu achilendo ofuna kundilanda katundu, ndipo pa thanthwe lina ndinayamba kumasula chingwe m'chiuno. Chizungu chinandithawa, zimene ankandiuza sindinkamvapo kanthu. Amene anandiletsa ndi alamu. Anandigwira nkhope ndi manja awiri, n'kumandilankhula m'chinenero chathu, kunditchula dzina limene ankanditchula malemu mayi anga, kundiuza kuti mwana wanga wamkazi akundidikira m'munsi. Chimenecho ndiye ndimachikumbukira, mawu awo okha, ngati akuchokera kutali. Akuti kuyambira pamenepo ankatsogola iwo chafutambuyo, akundiuza poponda phazi lililonse, anyamata awiri aja atagwira chingwe kumtunda. Zinatitengera maola asanu ndi limodzi kufika pa msasa womaliza uja, ndipo tinangomwa madzi n'kupitiriza kutsika.

Dalitso, sindikukudziwa, koma funso lako si lachabe. Pa munthu wina ndi pamalo pena mwina zikanatheka. Pa ine tsiku lija, munthu mmodzi wosamva chinenero changa sakanandifikitsa.

Amayi a Tadala, funso langa ndi ili: ndingabwererenso ku mapiri aatali, kapena kwa ine zatha?

Dalitso

Abambo a Limbani, zikomo. Zoti munthu angaiwale chinenero n'kumasula chingwe yekha sindinkazidziwa, ndinkayesa kuti wodwala amangofooka n'kumamvera. Achimwene a Yamikani, mawu aja akuti simukanawonjezerapo kanthu ndawabweza, mundikhululukire. Funso la magulu akuluakulu ndikadali nalo, ndipo a Mphatso ndidzakufunsani bwino tsiku lina kuti olondolera azikhala angati gulu lisanaloledwe kugawikana.

Mayi a Tadala

Bambo a Limbani, sizinathe ayi. Ambiri amene anadwalapo chonchi amabwerera ku mapiri, koma dziwani kuti amene zinamuchitikirapo ali pa chiopsezo chachikulu choti zibwerenso akakwera mothamanga ngati poyamba. Musanakonze ulendo wina kaonaneni ndi dokotala, mumufotokozere zonse mwalemba apazi, makamaka ngati mutu, maso kapena kayendedwe zikuvutabe. Ulendo wotsatira ukhale wa phiri lotsikirapo, masiku opuma muwonjezere, mankhwala akhale m'chikwama, ndipo wolondolera adziwe mbiri yanu tsiku loyamba lomwelo.

Yamikani

Alamu, sindinkadziwa kuti mawu aja munawamva. Ndinkangolankhula poti ndinalibe china chochita.

Limbani

Ndinawamva. Ma crampons anu ndi chingwe zili kwanga, ndinazitsuka matope n'kuziyanika. Mubwere Loweruka mudzatenge, ndipo mubwere ndi mlongo wanga. Iyeyo tinangomuuza kuti kunali mitambo. Ndikufuna ndimuuze zonse inu muli pomwepo.